Mpini wa Khasu pa Kilachi

Kufupi ndi Minga,
Petauke.
Lolemba.

Wokondedwa mwana wanga Madalitso,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino ku Solwezi kumeneko, iwe pamodzi ndi mpongozi wanga Immaculate ndi mdzukulu wanga Abby. Kodi chifuwa chija chinamusiya mwanayo? Kuno tadzuka, Mulungu akutisunga. Chimanga takolola, ngakhale cha kumunda wa kudambo chiswe chinatithandiza kudya.

Usadabwe kuona kalata m'malo mwa foni. Ukaimba, atate ako amakhala pambali panga khutu lili tcheru, ndiye ine ndimangoti zonse zili bwino. Sizili bwino, mwanawe. Ndalembera kunyumba kwa mlongo wako Rhoda, ndipo iye aijambula n'kukutumizira pa foni yake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nkhani ndi ya galimoto ija unatibweretsera pa Khirisimasi. Sindikukuda, unachita zaumunthu. Unaona kuti chichitikireni sitiroko ija mwendo wakumanzere wa atate ako sungathenso kuponda kilachi, ndiye unawafunira yosintha yokha magiya, yokhala ndi timakutu tiwiri kuseri kwa chiwongolero toti munthu azingogwira ndi zala akafuna kusintha yekha. Koma iwe unabwerera kuntchito msanga, ndipo zimene zinatsatira tinakubisira.

Lamulungu loyamba utachoka anaitulutsa kutchalitchi anthu onse akuona. Anakweza akatekisiti kumbuyo, ine kutsogolo. Inanyamuka bwinobwino. Itangoyamba kuthamanga, mwendo wodwalawo unakumbuka ntchito yake yakale, unadzikoka kufunafuna kilachi, n'kugwera pa buleki ndi kulemera kwake konse. Galimoto inaima ngati yagunda mtengo. Akatekisiti anamenyetsa mphuno pampando, magazi chuchuchu pa malaya oyera. Achinyamata a kwaya anaseka mpaka ena kukhala pansi.

Atate ako anazimitsa injini. Anatsika, natenga ndodo yawo, n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba, mwendo ukukwekwereza m'fumbi. Kuyambira tsiku limenelo galimoto yako ili pansi pa mtengo wa mango itafunda tenti, ndipo nkhuku zapeza poikira mazira.

Ukawafunsa, savomera kuti ndi manyazi. Amati vuto ndi galimotoyo. Paja unawauza kuti m'kati mwake muli makilachi awiri odziponda okha? Mawu amenewo ndiwo anasanduka nyimbo yawo. Aliyense wobwera kudzacheza amamuuza kuti, "Makilachi awiri, koma wakuponda palibe! Manje ine nizachitamo chani, kunkhala chabe monga thumba la thonje?" Amatinso galimoto yosankha yokha giya ili ngati ng'ombe zolima popanda wogwira pulawo, ndipo yoti batire ikatha simungaikankhe kuti ilire ndi ya anthu a m'tauni.

Ukuwadziwa atate ako. Anafika kumsasa wa Ukwimi akuthawa nkhondo ya kwawo ku Mozambique alibe ngakhale nsapato. Chimene chinawasandutsa munthu pakati pa anthu ndi giya: kuyambira kukweza mabelo pa lole mpaka kukhala dalaivala amene ankatulutsa thonje ku Sandwe mvula ili pakati, ena onse atatitimira. Ukawachotsera giya m'dzanja amaona ngati wawabweza kumsasa kuja.

Ndiye anabwerera ku vaneti yawo yakale ija. Tsopano imva zimene ndakhala ndikuopa kukuuza.

Popeza mwendo sungaponde, anagulula mpini wa khasu langa n'kundipatsa. Ine ndimakhala pampando wa pambali, mpini uli m'manja, nsonga yake ili pa kilachi. Akafuna kusintha giya amakuwa kuti "Ponda!" ine n'kukankha ndi mphamvu zanga zonse. Akalowetsa amati "Leka!" ine n'kubweza pang'onopang'ono. Ndikabweza msanga galimoto imadumpha, ndikachedwa imalira ngati nkhumba, ndipo ponseponse wolakwa ndine. Umu ndi mmene takhala tikupitira kuchigayo ndi kutchalitchi chaka chino. Anthu amationa tikudutsa n'kumati a Mateyo achira.

Ungandifunse kuti, amayi, munavomereranji? Ndinakana, mwanawe. Tsiku lina ndinaponya mpiniwo panja n'kunena kuti ine si mwendo wa munthu. Anautola okha. Ndinawaona akutuluka pabwalo, dzanja lina lili pa mpini, lina pa giya, chiwongolero chikudziyendera chokha, ana a kwa aneba akusewera m'njira. Ndinathamanga chitenje chikugwa n'kukwera ikuyenda. Chiyambire pamenepo sindinakanenso.

Sabata yatha tikuchokera kuchigayo, pa kamtunda kaja ka kutsidya kwa mtsinje, anakuwa kuti ndiponde. Mpini unaterereka pa chitsulo n'kukalowa pansi pa mpando. Giya sinalowe, injini inazima, vaneti inayamba kubwerera chambuyo. Ndinaitana Mariya ndi oyera onse amene ndimawadziwa maina. Chinatiimitsa ndi chulu. Ufa unatayika, ine bondo linatupa, basi.

Ndinaganiza kuti tsopano aona okha. Madzulo ake ndinawapeza pakhonde ali ndi kasemasema, akusema mphanda kunsonga kwa mpini uja n'kuikulunga ndi mphira ya chubu kuti isatererekenso. Anandionetsa akumwetulira ngati mwana amene wapanga galimoto ya mawaya. Ndinalowa m'nyumba n'kulira, Madalitso. Ndinalira ngati pamaliro.

Zonsezi ndikanapirira, poti njira za kuno n'zathyathyathya ndipo timayenda ngati kamba. Koma Loweruka likubwerali akufuna kupita ku mlatho wa Luangwa.

Atate ako aakulu, a Zuze, akubwera. Iwe sukuwakumbuka, unali kumsana pamene iwo anabwerera kwawo nkhondo itatha, atate ako n'kusankha kutsala kuno. Chisiyanirane pamenepo sanaonanenso. Tsopano akalamba, akuti akufuna kuona mng'ono wawo maso asanatseke. Awoloka pa bwato kuchokera ku Zumbo, akwera minibasi mpaka pamlatho, ndipo atate ako anawalonjeza pa foni kuti akawatenga okha pamenepo. Za sitiroko sanawauze. A Zuze anawasiya ali pamwamba pa lole, ndipo atate ako akufuna akawapeze ali pa chiwongolero.

Iwe msewu umenewo umaudziwa. Kufika ku Nyimba palibe vuto lalikulu. Koma ukapitirira Kacholola ndi mapiri okhaokha, kukhota pamwamba pa kukhota, phompho lili pambali, malole akuluakulu akutsika mabuleki akununkha. Atate ako omwe ndiwo ankatiuza kuti kumeneko dalaivala amasintha giya kambirimbiri kuposa mmene amaphethira. Ndiye uganize kusintha konseko kukudalira manja a mayi ako ndi mpini wa khasu.

Usaganize kuti tangokhala manja lende. Rhoda anabisa kiyi, iwo analumikiza mawaya. Mwamuna wake, a Imasiku, aphunzitsi aja a ku Mongu, anachotsa batire mwakachetechete. Atate ako anaitana anyamata a mpira, anaikankha, ine ndili ndi mpini wanga, inalira. Anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Kankhani ija ya Madalitso tione!" Ndinapita kwa abambo mfumu ku parishi, anabwera, anakambirana nawo bwino, atate ako anavomera zonse mwaulemu, ndipo abambo atangochoka anandituma kuti ndikaone ngati mphira ija yagwira. Ndinawauza kuti a Zuze akwere basi ya ku Chipata atsikire pa Minga, anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

A Imasiku ndi munthu wabwino. Ndiwo amabwera kudzaliza galimoto yako kuti isafe. Anatuma Rhoda kuti adzanene kuti iwo ali okonzeka kuyendetsa Loweruka, atate ako akhale pambali. Yankho linali lakuti sangakalandire mkulu wawo atanyamulidwa ngati wodwala wopita kuchipatala. A Imasiku anatumanso mawu kuti timakutu tija timachita zomwezo zimene atate ako amafuna: ukagwira ka kumanzere giya imatsika, galimoto imadzigwira yokha pamtsetse popanda kupsereza mabuleki, ndipo dalaivala ndiye amalamula. Anati akhoza kuwaonetsa pabwalo la sukulu ana ataweruka.

Apo ndiye panavuta. Ukudziwa mwambo wathu. Ine ndemwe sindinayambe ndayang'anana nawo m'maso a Imasiku, tikakumana panjira wina amapatuka. Ndiye atate ako akhale mpando umodzi ndi mkamwini, mapewa akukhudzana, mkamwiniyo akuwauza kuti gwirani apa, chotsani mwendo apo, mwalakwa? Anati bola afe. Rhoda atati ndiye awaonetse iyeyo, poti mwamuna wake anamuphunzitsa, anati mwana wamkazi amene anamusenza pa mapewa sangawaphunzitse ntchito imene inamulera. Ndinawakumbutsa kuti safunsa anadya phula. Anati phulalo adya.

Koma pali chimene ndinaona dzana, n'chifukwa chake ndagwira cholembera lelo. Ndinalawirira kumunda kukazula mbatata, ndipo ndinabwerera msanga poti ndinaiwala thumba. Ndinapeza tenti yavundukulidwa mbali imodzi. Atate ako anali m'galimoto yako, injini yosaliza, chitseko chotseka. Mwendo wodwala anaukokera kumbuyo ndi manja n'kuupinda pansi pa mpando kuti usasokoneze. Zala zinali pa timakutu tija, akugwira aka, akugwira ako, milomo ikuyenda ngati akuwerenga makona a msewu. Nthawi zina dzanja linkatsika lokha kufunafuna giya ya masiku onse, iwo n'kulibweza. Ndinabisala kuseri kwa nkhokwe mpaka anatuluka n'kufunditsanso tenti bwinobwino.

Akufuna, Madalitso. Akungosowa munthu woti alakwitse pamaso pake osachita manyazi. Munthu ameneyo ndiwe wekha, chifukwa ndiwo anakuphunzitsa, ndipo zolakwa zako zonse za pa chiwongolero amazidziwa.

Ndikukupempha, mwana wanga, ndagwada. Pempha tchuthi kwa akuluakulu ako, uwauze kuti kwanu kuli matenda, sukhala ukunama. Ukanyamuka Lachitatu, ugona ku Lusaka, Lachinayi uli kuno, ndipo mukhala ndi Lachisanu lonse. Usatumize ndalama, usaimbe foni kuti uwalangize, ungowonjezera moto. Ubwere ndi thupi lako.

Ukafika usanene kuti ndakulembera. Unene kuti wamva za a Zuze ndipo ukufuna kuwaona. Usabwerenso ngati mphunzitsi. Uwauze kuti iwe galimotoyi umaiyendetsa m'tauni mokha, mapiri a Kacholola umawaopa, akuuze iwo poyenera giya yachiwiri ndi poyenera yachitatu. Mupite awiri kutali kumene kulibe wowadziwa, iwe uzigwira timakutu iwo akulamula. Akaona kuti ikumvera, adzakuuza okha kuti suukutha, usendere uko. Ukatero usaseke, ngakhale mwendo ugwerenso pa buleki. Loweruka ukhale pambali pawo, pampando wanga uja, akalandire mkulu wawo ali pa chiwongolero monga akufunira.

Ndikudziwa kuti ntchito ya kumgodi siisiyidwa ngati munda, ndipo mwina akukaniza. Ngati zitero, ndikuuziretu kuti usadzamve kwa anthu. Loweruka ndikwera nawo. Ndikakana apita okha, ndipo sindingakhale pakhonde kudikira kuti wina abwere panjinga kudzandiuza. Ndakhala nawo kuyambira ali ndi malaya amodzi. Ndigwira mpiniwo mpaka pamene manja anga athere.

Undiperekere moni kwa Immaculate, umuuze kuti nsinjiro zake ndamusungira. Abby umupsompsone m'malo mwanga. Rhoda ndi a Imasiku akupereka moni, ndipo a mphakati wathu amakutchula m'mapemphero. Ambuye akusunge pansi pa nthaka pamene umagwira ntchitopo, akutsegulirenso njira.

Lachinayi ndidzakhala pa siteji ya Minga kuyang'ana basi iliyonse yochokera ku Lusaka, Lachisanunso chimodzimodzi. Yomaliza ikadzadutsa iwe osatsika, ndidzabwerera kunyumba kukachapa yunifolomu yanga ya amayi a Anna Woyera, ndiisite, ndiiike pamwamba m'sutikesi pamodzi ndi suti ya atate ako, kuti Rhoda asadzavutike kufunafuna zotiveka.

Ndine mayi ako wokukonda,
Ezelina