Chimbale Chija cha Bambo Antonio

Chitawira, Blantyre
26 Seputembala 1993

Okondedwa Ababa,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi Amayi. Nanga bondo lija lasiya kutupa? Mlongo wanga Awa anandilembera kuti mukupalasabe makina tsiku lonse pakhonde la sitolo, ndipo akakuuzani zopuma mumayankha kuti makina osokera akapuma amachita dzimbiri. Kuno ine ndili bwino, Alihamdulillah, kungoti fumbi la mwezi uno landipatsa kachimfine.

Kalatayi musaiike pansi pa nsalu kuti muwerenga mawa, monga mumachitira ndi makalata anga ena. Muwerenge lero mpaka kumapeto. Muli nkhani ya bambo Antonio, ndipo masiku ake ndi owerengeka.

Za kuntchito ndinene mwachidule poti palibe chatsopano. Dziko lonse linavota mu Juni kuti zinthu zisinthe, koma ofesi yathu ikuoneka kuti sinamve. Ndinalemba masamba asanu ndi limodzi osonyeza momwe pepala limodzi lingadutsire pa matebulo awiri m'malo mwa asanu ndi awiri. Abwana anawerenga tsamba loyamba lokha, nandiuza kuti ndiyambe ndadziwa kumene timasunga makiyi. Zaka zinayi ku koleji ku Zomba, Ababa, kuti ndizidinda mapepala. Sindikhalitsapo. Anthu akunena kuti posachedwa wailesi sikhala imodzi yokha m'dziko muno. Ikadzangotsegulidwa ina, ine ndidzakhala woyamba pakhomo, mbale zanga za galamafoni zili kukhwapa.

Eya, mbale zomwe zija mumati zosadyerapo. Tsopano zakwana makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu, zonse za jazi. Zina ndimazifukula m'zipinda zakumbuyo za masitolo a amwenye ku Limbe, zina kwa madala a ku Ndirande amene anabwera nazo kuchokera ku Joni. Imodzi ndinaipeza itavundikira chidebe cha madeya a nkhuku. Mwini wake anadabwa kuona munthu wovala tayi akugwada m'khola.

Lamulungu lililonse masana ndimapita kuhotela ina m'tauni muno, kumene gulu la jazi limaimba pabwalo pansi pa mitengo. Musade nkhawa, ndimamwa Fanta, ndipo dzuwa likamapendeka ndimakhala ndili kunyumba. Munandifunsapo kuti phokoso limeneli ndimamvamo chiyani. Taganizani atelala asanu apatsidwa nsalu imodzi, popanda choko, popanda tepi, aliyense akudula mbali yake anthu akuonerera, koma pomaliza nkutuluka jekete lokwana bwinobwino. Jazi ndi imeneyo. Sabata yamawa nsalu ndi yomweyo, jekete lina.

Tsopano ndiulule cholakwa changa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Mukukumbukira mmene bambo Antonio anafikira kwathu ku Namwera mu 1987, kudzera ku Chiponde pothawa nkhondo kwawo, iwo ndi mayi Lusiya ndi ana, mapazi atatupa, inu nkuwapatsa malo kuseri kwa munda wa chinangwa. Anasiya mbuzi, anasiya njinga, koma m'lichero munali chimbale chimodzi chokulungidwa m'chitenje. Pachikuto pali anyamata asanu ovala malaya amaluwa. Wa pa ng'oma ndi iwowo, wa sakisofoni ndi achimwene awo a Mateus. Anajambula mu 1972 pamene ankaimba m'mahotela a ku Beira.

Patchuthi cha Disembala mu 1989 ndinawavutitsa masiku atatu kuti andibwereke. Ndinati denga lawo limadontha, chimbale chionongeka, ndipo ku Namwera kulibe gumbagumba yoti chiimbirepo. Ndinalonjeza kuti ndikachijambula pa kaseti nkubweza zonse pakatha masabata awiri. Papita zaka pafupifupi zinayi. Kaseti sindinajambule. Chimbale chinakhala mfumu ya mbale zanga, anzanga amabwera kuchokera ku Zomba kudzangochimva, ndipo palibe amene anaonapo china chonga icho. Ndikabwera kumudzi ndinkadzera njira ya kumsika kuti ndisadutse pamene bambo Antonio amakonzera njinga. Iwo sanandifunsepo ngakhale kamodzi. Chimenecho ndicho chinkandiwawa kwambiri.

Mwezi watha kuhotela kuja kunabwera gulu la alendo ochokera ku Beira, poti tsopano misewu yatseguka. Anaimba bwino moti ndinaiwala Fanta wanga mpaka anatentha. Popuma ndinawalondola ndi chikuto cha chimbale chija. Sindinama, Ababa, cholinga changa chinali choti andiuze kuti ndili ndi chinthu chosowa, ndikadzitame kwa anzanga. Anyamata anangochiyang'ana nkuseka malayawo. Koma woimba besi, mkulu wina waimvi dzina lake a Sulemani, anapukuta magalasi ake, nayang'anitsitsa, naloza ndi chala. Amalankhula Chisena, choncho tinkamvana bwino ndithu.

"Uyu ndi Mateus," anatero. "Lachinayi lapitali ndinali naye. Anandisungira chingwe cha besi."

Ine ndinawauza kuti alakwitsa. Ndinafotokoza kuti a Mateus anaphedwa mu 1988 pamene magalimoto anaotchedwa pamsewu, kuti munthu amene anaona anafika mpaka ku Namwera, kuti tinakhala pamaliro masiku atatu popanda mtembo, ndipo bambo anga ndi amene anasoka malaya akuda amene mng'ono wawo anavala chaka chathunthu. Mkuluyo anakhala pansi pa bokosi la besi. Anandifunsa kawiri ngati ndati mng'ono wawo. Kenaka anandiuza kuti a Mateus anapulumuka m'moto uja ndi mwendo wothyoka, anagona miyezi m'chipatala, ndipo atachira anapita kumudzi kwawo kufupi ndi Cuamba nkupeza phulusa lokhalokha. Kumeneko anauzidwa kuti Antonio ndi banja lonse anatha. Nawonso anachititsa misa. Ababa, anthu awiriwa analirana, wina ku Beira, wina kuseri kwa chinangwa chathu.

Mtima wanga unkafuna kuthamangira kupositi ofesi nthawi yomweyo. Koma ndinakumbukira kuti amene anabweretsa uthenga wa imfa uja nayenso ankati anaona ndi maso. Ndiye ndinapempha a Sulemani chizindikiro. Anaseka, nati a Mateus sangamalize tiyi osasimba nkhani imodzi: tsiku lojambula, mzungu wa makina anawauza kuti tepi ndi imodzi, palibe kubwereza. Pakati pa nyimbo yachitatu, Antonio anagwetsa ndodo ya ng'oma, nigubudukira kutali. M'malo moima, anatola supuni imene inali m'kapu ya khofi pambali pake, namaliza nyimbo yonse ndi supuniyo.

Ndinafika kunyumba ndikuthamanga, nsapato zili mbuu. Ndinaika singano pa nyimbo yachitatu, khutu pa sipika. Zilimo, Ababa. Ndodo imamveka kugwa, gobede, kenaka kumayamba kulira kachitsulo, ndipo wa sakisofoni amadukiza mpweya ngati munthu amene akudziletsa kuseka. Nyimbo imeneyi ndaimva kambirimbiri. Ndakhala ndikuuza anzanga, nkhope ili gwa, kuti kachitsuloko ndi luso latsopano limene a ku Beira anatulukira Amereka asanaliganize. Ndinakanganapo ndi munthu mpaka kusiya kulankhulana. Supuni ya khofi!

Ndinalemba kalata, a Sulemani anapita nayo. Kenaka ndinadikira masabata asanu. Inu mukundidziwa, ndine uja ndinkafukula mtedza kuti ndione ngati wayamba kumera. Kawiri ndinalemba kalata yopita kwa inu nkuing'amba. Awa atandilembera kuti bambo Antonio alembetsa maina pa malole obwerera kwawo, ndipo lole yawo inyamuka Lachitatu pa 6 Okutobala kupita ku Cuamba, ndinasowa tulo. Akangowoloka pa Chiponde, tidzawapeza kuti? Mudzi wawo kulibe, keyala kulibe. Adzakhala akumanga nyumba m'tchire, achimwene awo ali moyo kunyanja yamchere, popanda wina wodziwa za mnzake.

Dzana yankho linafika. Wabwera nalo dalaivala wa thiraki yonyamula mchere, anandipeza kuntchito, ndipo abwana anandiona ndikuvina m'khonde. Envulopu ndi yomata, yolembedwa m'Chipwitikizi, dzina la bambo Antonio pamwamba, keyala ya ku Beira kumbuyo. Sindinatsegule, ngakhale ndaiunika padzuwa kangapo. Muli chithunzi, ndikuchimva ndi zala. Kwa ine a Mateus analemba mzere umodzi wokha pakapepala kapadera, dalaivala anandimasulira: akuti ndimuuze wa supuni uja kuti khofi wake akumudikirabe.

Pempho langa ndi ili. Nkhaniyi mukanene ndinu. Ndinaganiza zotumiza telegalamu, ndinaganizanso zoika uthenga pa wailesi, koma msuweni wanga Ajira, amene ndinamupeza pa nsomba zake mumsika wa Limbe, ananditsutsa pamaso pa anthu. Anati munthu amene anameta, navala zakuda, natcha mwana wake dzina la malemu, sungamuponyere nkhani yotere ngati mwala padenga. Anati kusukulu anandiphunzitsa zonse kupatula kukhala pansi. Ndinakwiya, koma akunena zoona. Inu munakhala nawo pamphasa masiku atatu aja, ngakhale iwo ndi a kutchalitchi inu a kumzikiti. Munayamba ndinu kuwapepesa. Ndi inu nomwe oyenera kukawauza kuti maliro aja atha.

Ajira anyamuka Lachiwiri, afika kwanu Lachitatu ndi phukusi. Muli envulopuyo, muli kaseti imene ndajambula tsopano, mochedwa ndi zaka zinayi, ndiponso mabatire a wailesi ya Awa. Ndikudziwa kuti mufuna kuitana akuluakulu awiri atatu, kuyamba ndi za mvula, za fodya, za mitengo ya matayala a njinga. Chitani monga mudziwira, ine sindilowererapo. Ndingopempha kuti Lachisanu mukachoka kuswala kumzikiti musadutse kwina, ndipo nkhani za mvulazo zisafike Loweruka. Mayi Lusiya akhalepo, ndi madzi akumwa pafupi. Mukaona kuti mawu akuvuta poyambira, muwafunse chabe kuti kodi nyimbo yachitatu ija anaimaliza ndi chiyani. Nkhani ya supuni sanauzepo munthu ku Namwera, ngakhale ine amene ndinkawafunsa za chimbalecho usana wonse. Adzadziwa okha kumene yachokera.

Chimbale chenichenicho ndibwera nacho ndekha Loweruka pa basi yam'mawa, pamodzi ndi gumbagumba yanga. Mundibwerekere batire ya galimoto kuchigayo. Sindikutumiza ndi Ajira, osati chifukwa cha fungo la usipa, koma chifukwa ndinachitenga ndi manja anga, ndiyenera kuchibweza ndi manja omwewo, ndi kumva zimene ndiyenera kumva. Abwana akana kundipatsa tchuthi cha Lolemba. Ndawauza kuti ndamva. Lolemba adzaona mpando.

Mnzanga wina wati ndapenga, chimbale chotere sichipezekanso, ndiwapatse kaseti basi poti kumene akupita kulibe magetsi. Ndinachitulutsa pashelefu, ndinachibwezera, ndinachitulutsanso. Zitsala makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri. Ndaziwerenga kawiri, ndipo chodabwitsa nchakuti mtima uli mbee, ngati tsiku limene ndinamaliza mayeso.

M'phukusimo mupezanso nsalu mamita awiri ndi theka, yamaluwa ofiira ndi achikasu. Ndayenda masitolo asanu ndi anayi, chikuto chili m'manja, kufuna yofanana ndi ya pachithunzi. Mudzati ndi nsalu ya makatani, ndikudziwa. Musoke basi, kolala yaikulu ngati makutu a njovu, monga ankavalira masiku amenewo. Miyeso yawo muli nayo m'mutu kuyambira pa malaya akuda aja. Muwonjezere pang'ono pamimba, poti mpunga wa Amayi wagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi. Kuchokera ku Cuamba kukafika ku Beira ndi ulendo wautali, ndipo mwina papita miyezi asanaonane. Koma tsiku limenelo, Insha Allah, a Mateus asadzavutike kuzindikira munthu wotsika basi.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti ndanenepa, asakhulupirire zimene Ajira adzanene. Moni kwa achemwali anga a Keti ndi alamu, kwa azakhali a ku Nkhudzi mukapeza wopita, ndi kwa Awa, amene asunge pakamwa pake mpaka Lachisanu ngakhale zimuwawe. Kwa bambo Antonio ndi mayi Lusiya musapereke moni wanga, ndidzapereka ndekha nditagwada. Koma Mateus wamng'ono, wa zaka zinayi uja, mumugulire switi. Sakudziwa kuti mwini dzina ali moyo, ndipo adzamufunsa mmene walisungira.

Tionana Loweruka. Bondolo lipume Lamulungu, malaya akatha.

Ndine mwana wanu wosakhazikika,
Dinala