Bhekani Watsala pa Bwalo la Ndege

Mamelodi, Pretoria

Okondedwa achemwali a Bongekile,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko ku Msinga? Nanga amayi, mwendo uja wasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndikanangolira, inu osamva kanthu.

Kalatayi ndapatsira dalaivala wa minibasi. Bambo aang'ono a Mandlakhe atsalira kuno mpaka Lachisanu, akuti alibe nkhope yokaonetsa amayi. Ndiye mumve kwa ine: mzimu wa Bhekani sitinautenge.

Mukudziwa kuti mlongo wathu anagwa pamwamba pa chitenti chimene ankamanga pokonzekera chionetsero cha ndege. Thupi tinaika, koma pamene anafera sanatilole kufikapo. A kampani anati ntchito ili m'mbuyo, alendo akunja ali pafupi. Chionetsero chitayamba, anatinso masiku oyamba ndi a ogula ndege okha, anthu a masuti ndi makadi m'khosi. Ine ndimalowa poti ndimawathirira tiyi, koma nthambi yotengera mzimu wa malemu siyanga kunyamula, ndi ya akulu a pabanja. Tinadikira Loweruka, tsiku la anthu wamba, n'kugula matikiti ngati tabwera kudzasangalala.

Bambo aang'ono anabisa nthambi ya kankhande ija m'jekete, ine n'kuwatsogolera mpaka pamalopo. Achemwali, ayalapo kapeti yofiira, aikapo chidole cha helikopita ndi mbale ya maswiti. Sabata yonse ndakhala ndikupondapo ndi thireyi m'manja, kumwetulira anthu onenerera mitengo ya ndege zankhondo.

Bambo aang'ono anavula chipewa, anagwada, n'kuyamba kumuitana ndi mayina a makolo athu. Pomwepo ndege zinayamba kubangula kumwamba, anthu kuwomba m'manja. Nkhalamba inachita kukuwa kuti Bhekani amve. Mlendo wina ankawajambula, kuyesa ndi sewero la pachionetsero.

Mwambo mukuudziwa. Wonyamula nthambi akadzuka salankhula ndi wamoyo aliyense, sacheuka, amangouza malemuyo njira mpaka kukafika kwawo. Tinayenda bwino, nthambi ili poyera m'manja, mpaka pamene aimikapo ndege. Pamenepo salola ngakhale kachitsotso kugwa pansi, ati kangalowe mu injini. Mlonda anatiimitsa. Anawafunsa, iwo duu, akungonong'oneza nthambi kuti taima pang'ono. Ine ndinafotokoza, ndinachonderera mpaka kugwada.

Mlondayo anati, "Asisi, kwathunso timachita zimenezi. Koma tsamba likagwa apa, ntchito yotha ndi yanga. Ana anga mudzawadyetsa ndinu?"

Anaitsomphola n'kuiponya m'bini. Bambo aang'ono anatembenuka nati, "Mwana iwe, amene wamutayayo ndi munthu."

Basi, alankhula, acheukanso. Anazindikira mawu atatuluka kale, ndipo madzi akatayika saoleka. Anakhala pansi pomwepo manja ali kumutu, uku ndege zikulavula utsi wamitundumitundu, ana akukuwa ndi chimwemwe.

Mlondayo sindikumuda kwenikweni, ndi wosauka mnzathu. Ndikuda aja anamva kuti pafa munthu, n'kutumiza nkhata ya maluwa, tsiku lomwelo n'kukweza munthu wina kukamaliza chitenticho. Kachitsotso amakaopa chifukwa ndege ndi yodula. Za ife sizinawasowetse tulo.

Matenti ayamba kale kugwetsa. Sabata yamawa patsala phula lokhalokha, mkati mwa mpanda wa asilikali, ndipo zipata adzatsegulanso pa chionetsero china, patapita zaka ziwiri. Ndinakadandaula kwa mkulu wa pachipata, anandiuza kuti aziona. Zoziona zawozo ndimazidziwa.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi anandiuza kuti asesa kale m'nyumba ya mizimu ya makolo, mbuzi yolandirira Bhekani aimangirira. Muwauze inuyo zonsezi Lachisanu lisanafike. Bambo aang'ono analipiriratu mipando iwiri m'minibasi, wawo ndi wa Bhekani, ndipo sindikufuna kuti amayi akadziwire pamsewu, poona munthu akutsika chimanjamanja. Musawanamize kuti zayenda. Mbuziyo asaphe.

Pa Khirisimasi musandiyembekezere. Ndapempha kuti andisiye ku khitchini ya pabwalopo, malipiro achepe achepe. Bhekani sindingamusiye yekha pakati pa anthu osadziwa ndi dzina lake lomwe.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga amuna anu, kwa azakhali a ku Tugela Ferry, ndi kwa MaZondi, mkazi wa malemu. Kamwana kake kakafunsanso za bambo ake, mukauze zoona, kuti akadali kuntchito.

Ndine mng'ono wanu,
Khethiwe