Chilomwe cha Fainess

Lolemba, 3 Juni

Loweruka ndikupita ku Nkhulambe kukaonana ndi amayi ake a Lingson, chibwenzi changa. Mantha. Ine wa ku Dowa, Chilomwe sindidziwa ngakhale moni. Fainess, mphunzitsi mnzanga wa sitandade 5, wati andiphunzitsa mawu oti apongozi akangomva andikonde.

Loyamba: "mukhwapatha". Akuti ndi moni wa kwa apongozi. Makolo pochokera ku Mozambiki ankanyamula chinangwa m'khwapa, akafika pakhomo n'kutsegula mkono, chinangwa n'kugwa kuti tha. Ndalemba kuseri kwa rejisitala.

Lachitatu, 5 Juni

Ena awiri. "Nandolola" ndiye kuthokoza chakudya, akuti kale mlendo ankasenda nandolo asanadye. "Kufotilisita" ndi kukhala pakati pa akuluakulu awiri, monga mpata wa Fort Lister pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi. Ndimabwereza mokweza m'sitafu, a Rodney a masamu anatuluka akutsokomola. Fainess wati ndisamuuze L., akadabwe.

Loweruka, 8 Juni

Ndinagwada bwinobwino, n'kunena mukhwapatha. Amayi anandiyang'ana, kenako anafunsa Lingson ngati chimenecho ndi chilankhulo cha ku Dowa. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa katchulidwe, ndiye titadya ndinawonjeza nandolola. Azakhali ake a Lingson anaseka mpaka kugwetsa kapu. Amayi sanaseke. Anati, "Mwanangu, ngati mwabwera kudzatiseka chilankhulo chathu, nenani."

Pobwerera panjinga tinaima pa Chiringa. Pamenepo ndi pomwe L. anandiuza kuti mawu onsewo kulibe. Ngakhale limodzi.

Lamulungu, 9 Juni

Sindinapite kutchalitchi. F. wandiimbira foni kanayi.

Lolemba, 10 Juni

Sitafu yonse inkadziwa. La khwapa lija anapanga ndi a Rodney, enawo Fainess. Ndipo alipo ena atsopano, ndawamva ndili pakhomo: "kuprudensa", kumeza chilichonse chomwe wauzidwa. Akuti anachokera kwa mtsikana wina wa ku Dowa dzina lake Prudence.

Fainess wanditsatira kumpopi. Wati kunali kucheza chabe, ankaganiza kuti ndifunsa Lingson. Ndamukumbutsa kuti ndi iyeyo anandiletsa. Wangoyang'ana ndowa.

Chikundiwawa n'chakuti Lachisanu anandimanga yekha duku, akundiyesa mawuwo limodzilimodzi.

Lachiwiri, 11 Juni

L. wati wawafotokozera amayi. Ati amva, koma sananene kuti ndidzabwerenso liti.

Pa buleki Fainess anabwera m'kalasi mwanga ndi mandasi awiri m'pepala, n'kukhala pa desiki ya ana. Anati, "Iwe Pru, ukhala chonchi mpaka liti?"

Ndinati, "Zikomo, a Fainess, ndadya kale. Mukufuna ndikuthandizeni chiyani?"

Zaka zitatu sindinamutchulepo inu. Anakhala kanthawi, n'kukulunganso pepala lake.