Malo Anga Pamzere wa ku Torkham

Lala Samandar, mkulu wanga,

Pepani ndi zilembo zokhotakhotazi. Mukudziwa kuti sukulu ndinalekera panjira. Kuno ku Jamrud tili bwino, kaya inu ku Masikati. Mvula yagwa, tirigu wamera.

Nkhani ndi yakuti a kwa malemu Tajbar abwera kudzafunsira mwana wanga Gulalai, kuti akwatiwe ndi mwana woyamba wa Tajbar. Aliyense akusangalala. Ine chakudya sichikutsika.

Mukukumbuka zaka zija ine ndi Tajbar tinkanyamula mafuta a asilikali kuchokera ku Karachi kupita ku Kabul. M'mawa wina pachipata cha m'malire cha Torkham lole yanga inali yachinayi pamzere, yake ili m'mbuyo. Madalaivala sitisinthana malo, timati aliyense ayende pamene Mulungu wamuika. Koma ine ndinali ndisanamalize tiyi. Tajbar anakuwa, "Iwe nkhalamba, uzipemerera tiyi wakoyo mpaka nkhondo ithe! Ndikulowa pamalo pako." Ndinaseka, n'kumubayibitsa kuti apite.

Titafika pamlatho, bomba linaphulika pansi pa lole yachinayi. Mpaka lero ndikamva fungo la dizilo, mawu ake aja amabwera m'makutu. Tiyi ndinasiya kumwa.

Mayi ake a Tajbar akandiona amandipsompsona pamphumi, amati ndine m'bale wa mwana wawo. Sadziwa, Lala. Inu ndinu woyamba kumva.

Ukwati uchitika Idi ikadutsa. Sindikudziwabe ngati ndiwauze usanafike, kapena ndingomupereka mwanayo ndili chete.

Mng'ono wanu,
Zarwali