Ng'ombezo musagulitse, ababa

Chirimba, Blantyre
14 Ogasiti 2012

Okondedwa ababa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi. Nanga mwendo uja wasiya kutupa? Kuno tili bwino, kungoti chimfine cha fumbi chatigwira nyumba yonse. Mildred anafika bwino, mpunga uja talandira, zikomo kwambiri.

Uthenga wanu wandiuza, kuti mukufuna kukagulitsa ng'ombe ziwiri ku Bangula kuti iye alowe koleji ija imalengezedwa pa wailesi, ndipo ine monga mlongo wake wamkulu ndikamulembetse Lolemba. Ababa, chibadwire sindinakutsutsenipo, koma ichi chokha ndakana. Sindikamulembetsa.

Ndinapita naye kukaiona. Ndi zipinda zitatu pamwamba pa sitolo ya penti ku Limbe. Makompyuta alipo khumi, oyaka ndi awiri okha, ana ena onse amaphunzira kutaipa pa kiyibodi yojambula papepala. Nditafunsa ngati boma likuidziwa kolejiyo, mlembi anati mapepala ali m'njira. Nditapempha kuona aphunzitsi, anandionetsa mtsikana amene anamaliza pomwepo chaka chatha. Koma buku la malisiti lokha anali atalitsegula kale tisanakhale n'komwe pansi.

Mwina muti, nanga iwe si unaphunzira kotere komweko? Nkhani yagona pamenepo. Chithunzi changa cha gauni chimene munapachika pabalaza, chimene mumaonetsa alendo onse a kutchalitchi, ndakhala ndikuchita nacho manyazi zaka zisanu ndi chimodzi. Gauniyo inali ya wojambula, tinkachita kuvulana pamzere. Dipuloma ija ndinazungulira nayo m'makampani mpaka nsapato kubooka. Paliponse ankangoitembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa kuti sukulu imeneyi ili kuti. Nditabwerera kukoleji kuti andithandize, ndinapeza m'kalasi mwathu akugulitsamo matayala.

Choncho sindigwira ntchito mu ofesi monga mumauzira anthu. Ndimawotcherera mageti ndi mawindo, ntchito imene anandiphunzitsa ulere aneba anga, a Abdula. Ndi imene ikutidyetsa kuno, ndi imenenso inafolera nyumba yanu malata. Ndinabisa chifukwa munagulitsa ng'ombe zitatu pa ine, ndiye pakamwa panandilemera. Ndikhululukireni. Safunsa anadya phula, ndipo phulalo ndinadya ndine, sikofunika kuti Mildred alilawenso.

Sindikunena kuti makoleji onse olipira ndi akuba ayi. Olongosoka alipo, koma amenewo khola lathu lonse silingakwane chaka chimodzi. Awa otchipa oitanira pa wailesiwa chawo ndi malonda basi, mwana aphunzire asaphunzire alibe nazo ntchito.

Mildred sakundiyankhula, lero tsiku lachinayi. Anauza mlamu wake Idah kuti ndine wanjiru, ndikufuna gauni m'banja mwathu ikhale yanga ndekha. Zinandiwawa kwambiri, koma ndamuuza zoona zonse, ndipo akwiye akwiye, mawu anga sindibweza. Akhale konkuno, abwereze Fomu 4 pa sukulu yamasana ku Ndirande, akonze masamu ndi sayansi, kenako ayese za unamwino. Fizi ndilipira ndine. Mtsikanayu mutu ali nawo, changomuvuta ndi phuma.

Pempho langa ndi limodzi: ng'ombezo musagulitse. Ndizo zimakoka ngolo, ndipo madzi akasefukira chaka chino mudzatsamira pomwepo. Mukhoza kundikwiyira, mukhoza kuitana abambo aang'ono kuti andikhazike pansi, ndidzabwera ndipo ndidzanena zomwezi. Koma mukagulitsa n'kutumiza ndalamazo kuno, dziwani kuti ndidzakwera nazo basi ya ku Nsanje, ndikatsikire pa Bangula pomwepo, ndikugulireninso ng'ombe ngakhale zikhale zowonda.

Mundiperekere moni kwa amayi, azakhali a ku Tengani ndi achimwene a Nikolasi ndi banja lawo. Idah ndi ana akuti moni wambiri. Kalatayi amayi muwawerengere yonse, musadumphe pena.

Ndine mwana wanu,
Willard