Nyimbo ya Ba Tisiyenji Yadukira Pakati

Lachitatu, ku Chawama. Fumbi tsiku lonse, mtima wolemera.

Lero taika Ba Tisiyenji, amene ankatsogolera nyimbo m'gulu lathu la chimtali. Titabwerera kunyumba ya maliro, mwana wawo wamkazi anandigwira dzanja. "Bamake Daliso, tiimbileniko ija ya kusinja mapira. Amai benze kuikonda maningi."

Tinaima mozungulira, azimayi asanu ndi awiri, zitenje m'chiuno. Ine ndinayambitsa, anzanga akuvomera bwinobwino. Titafika pamene malemu ankatchula midzi ya kwawo ku Katete umodzi umodzi, ndinangoti kakasi. Ndinayang'ana Ba Esnart, mnzawo wakalekale, nawonso akuyang'ana ine. Tinangowomba m'manja popanda mawu mpaka abusa anatseka ndi pemphero.

Ba Tisiyenji anandiuza kangati kuti, "Bwela na foni yako unijambule, mwana wanga, ine nili pa ulendo"? Ine ndinkangoti mawa, poopa kusiya tomato wanga pamsika.

Mwana uja anatithokoza akulira, osadziwa kuti tamupatsa theka chabe. Chibwerereni ndakhala ndikuwerenga ndi zala: Kagoro, Chimtende... mudzi wachitatu sukubwera.