Ndinagwada, Koma Ndinadutsa

Ngungu, Kabwe
18 Juni 2024

Okondedwa Amama,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo bondo lija silikukuvutani kwambiri ndi mphepo ya mwezi uno. Ife kuno tilipo, ana akupita kusukulu. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni simundipatsa mpata. Ndikangoti "Amama", inu mwayamba kale kulira.

Ndamva kuti apongozi anga aakazi anakuimbirani kukuuzani kuti ndanyoza apongozi anga aamuna, atate awo a Dingani, pamaso pa anthu kubwalo la gofu, ndiponso kuti nkhaniyi yafika kale kwa amayi a chigwirizano ku Petauke. Amene anakuuzaniwo kunalibe. Ine ndinaliko, ndiye mundimvere.

Gofu simuidziwa, choncho ndiyambe apa. Timasewera m'magulu, ena kutsogolo ena pambuyo, kuchoka padzenje ili kupita palina mpaka maenje onse atathe. A pambuyo samenya mpira a kutsogolo asanachoke, kuopa kuwaphwanya mutu. Gulu limodzi likamachedwa, bwalo lonse limaima. Ndiye pali lamulo lakuti ochedwa apatuke, anzawo adutse. Lamuloli sindinalipange ine. Anandiphunzitsa ndi amuna anga omwe, a Dingani, pamene ankandikoka kuti ndiyambe masewerawa.

Loweruka lija unali mpikisano wosankha amayi okaimira kilabu yathu ku Lusaka. Wosamaliza dzuwa lisanalowe ndiye kuti wagwa. Ine ndine kaputeni wa amayi, ndipo ndinali m'gulu limodzi ndi Queen, mnzanga uja amagwira ntchito kundende ya Mukobeko. Queen amamenya kuposa tonsefe, koma kuti apatsidwe tsiku lopuma anachita kusinthana ndi anzake mwezi wathunthu.

Kutsogolo kwathu kunalowa madala anayi, osati ampikisano, ongodziwongola miyendo. Mmodzi wa iwo anali apongozi anga aamuna. Amama, anthu aja sanabwere kudzasewera. Wina ayankhe foni, wina afotokoze za masiku a mugodi, wina ataye mpira mu udzu onse anayi n'kulowa kukaufuna ngati akusaka mbewa. Ife tikafika padzenje, tiime. Tikafika palina, tiimenso. Kutsogolo kwawo bwalo linali mbee, kumbuyo kwathu amayi ataunjikana, mithunzi ya mitengo ikutalika.

Queen anati, "Ba Nelly, ndimwe kaputeni. Kambani nawo, dzuwa layenda."

Inu munandiphunzitsa kuti mpongozi sayang'ana atate kumaso, ndipo chikwatiwire sindinawayankhepo mawu opitirira "inde atate". Ndinayamba ndatuma bambo wonyamula chikwama changa kuti akatipemphere njira. Anabwerako akuyang'ana pansi. Akuti madalawo anamuuza kuti, "Azimayi athamangira kuti? Mapoto sathawa."

Apo m'pamene ndinatulutsa chitenje m'chikwama, n'kuvala pamwamba pa buluku, n'kuyenda ndekha mpaka pamene apongozi anaima. Ndinagwada, Amama. Maondo onse awiri pa udzu, manja pamodzi, maso pansi, monga munandilerera. Ndinati, "Atate, tikupempha njira. Tili pampikisano ndipo kukuda."

Sanandiyang'ane. Anatembenukira kwa mnzawo, a Febian, nati, "Kodi pali amene akulankhula pano?"

A Febian anachita manyazi, anati, "Aloleni adutse, akulu. Ndiye lamulo."

Apongozi anati, "Lamulo la kwa ndani? Mpongozi sadutsa kutsogolo kwanga. Adikire."

Ndili chigwadire ndinayankha kuti, "Kunyumba kwanu sindinadutsepo kutsogolo kwanu, atate, ndipo sindidzadutsa. Koma pano sindikupempha ndekha. Kumbuyoku kuli ana a eni."

Mawu anga onse ndi amenewo. Ngati munamva ena, anawonjezera ndi anthu panjira.

Ndinadzuka, n'kubwerera. Ndinadikira mpaka onse anayi atalowanso mu udzu wa kumbali kukafuna mpira wina, pakati pali poyera. Ndinafuula kuwachenjeza, kenaka ndinamenya. Sindidziwa kuti mphamvu zija zinachokera kuti. Mpira unauluka bwinobwino pakati, n'kukagwa patali kupitirira pamene panafika wa apongozi. Onyamula zikwama anaphulika kuseka. Chimene chinawapweteka atate ndi phwete limenelo, ndipo nanenso linandipweteka, chifukwa sindinapite kukawachititsa manyazi. Tinadutsa, ndipo amayi onse a pambuyo anadutsa nafe. Podutsa ndinawerama. Atate anandipatsa msana.

Tinamaliza mpira ukuoneka movutikira. Queen anapambana, akupita ku Lusaka. Ine ndinagwa, chifukwa mpaka pomaliza ndinkaphonya ngakhale dzenje lili pamphuno. Choncho asakunamizeni kuti ndinachita izi pofuna ulemerero. Palibe chimene ndinatolapo.

Lamulungu tinaitanidwa ku Natuseko, kunyumba kwa apongozi. Achibale ndi akulu ampingo anadzaza pabalaza, ine pansi pafupi ndi chitseko. Chigamulo chinali chakuti ndipite ndi nkhuku yopepesera, ndivomere kuti ndinalakwa, ndipo ndisadzapondenso kubwalo la gofu. Ndinati nkhuku ndibweretsa ndi mtima wonse, chifukwa atate anasekedwa ndipo ndine ndinayambitsa. Koma kunena kuti kupempha njira ndi mlandu, limenelo ndi bodza, ndipo sindinganame pamaso pa akulu ampingo. Za kusiya gofu ndinati ayi. Apongozi aakazi anawomba m'manja, nati, "Ndiye ana a masiku ano awa!" A Dingani maso anali pa nsapato. Munthu amene anandigulira ndodo zoyamba za gofu, amene amadzitama kwa anzake kuti mkazi wake amamenya ngati mwamuna, sanatsegule pakamwa.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndamva kuti mukufuna kukwera basi kudzapepesa m'malo mwanga. Chonde musabwere pa chifukwa chimenecho. Inu simunalakwire munthu, ndipo sindifuna kuti mudzagwade ndi bondo lodwalalo pamaso pa anthu amene anakana kuona mwana wanu atagwada. Mukafuna kubwera, bwerani kudzaona adzukulu anu, mutitengerenso nshawa.

Mupereke moni kwa achimwene a Wesley ndi alamu. Adzukulu anu Tiza ndi Cynthia akupereka moni kwa ambuye awo. A Dingani sindinganene kuti akupereka moni, chifukwa chichokere kumsonkhano uja akugona kwa makolo awo. Ana ndawauza kuti atate awo ali kuntchito. Tiza wakula, ndikuona kuti sakukhulupirira, koma sanandifunse. Mbale ya a Dingani ndimawaikirabe patebulo madzulo aliwonse, ndipo chitseko sindikhoma msanga. Ndimawafuna, Amama, sindikubisirani. Koma sindipita kukawatenga. Njira yobwerera kuno kunyumba kwawo akuidziwa.

Loweruka lino ndikasewera. Mundipempherere, koma musapemphere kuti ndisiye.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Nelly